Msomali wa pa Mkuyu

Nyumba ya pa Damu,
Thyolo.
8 Disembala

Achimwene a Filipo,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ndikuti ndikhulupirira chifukwa kudziwa sindikudziwa. Munthu amadziwa za m'bale wake akamamuona. Kuno ine Dainess ndilipo.

Musadabwe kuona kalata m'malo mwa foni. Foni yanga ndinagulitsa mu Okutobala, ndipo nkhani iyi si yoyankhulira pa foni yobwereka ya kumalayini, mwini wake ataima pafupi ngati akuthyola chisoso. A Fackson, dalaivala wa lole ya tiyi, avomera kumatinyamulira makalata Lachiwiri ndi Lachisanu akamabwera ku Limbe. Ndawauza kuti ndi zokhudza ukwati wanga. Asekerera, ati nthawi inakwana kale.

Nkhani ndi iyi. Abambo anagwa mu Seputembala akutchetcha udzu pa khoma la damu. Mwendo ndi dzanja la kumanja zinafa. Sindinawatengere ku kiliniki ya kampani. Ndinaitana wa kabaza wa ku Khonjeni, tinadzera njira ya kuseri kwa mabulugamu mpaka kuchipatala ku Makwasa. Kumeneko anati ndi sitiroko.

Kuofesi sakudziwa. Lamulo mukulidziwa: wantchito akalephera ntchito amamupumitsa, nyumba n'kuipereka kwa wina pakatha mwezi. Tikatuluka muno tilowera kuti? Nyumba ya amayi ku Khonjeni inagwa ndi namondwe wa Freddy, ndipo amalume ananena pamaliro kuti mkamwini, mkazi akamwalira, malo alibe. Inu simunamve chifukwa pamaliropo panalibe.

Choncho mlonda wa damu panopa ndi ine. M'mawa uliwonse ndimavala magambuti a abambo, kupita kukawerenga geji, chitsulo cha manambala chija chili m'madzi, n'kulemba m'buku motsanzira dzanja lawo. Lachisanu ndimakapereka buku kuofesi. Kalaliki akafunsa za abambo ndimati a Nakoma ali kudamu, ntchito yachuluka. MSCE yanga yonse ija ikuthera pa kukopera zilembo za munthu wa Sitandade 4, ndipo ndikuzikhoza. Mwayi wathu ndi wakuti ino ndi nyengo yotchola tiyi, aliyense maso ali pa sikelo, palibe wokwera kuno.

Koma mvula yayamba, achimwene. Kumunsi kwa khomali, ku Layini ya Kudambo, kuli nyumba makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Ndaziwerenga kangapo nditaima pamwamba. Kuwerenga geji ndikutha, koma za vavu yotayira madzi sindikudziwa kanthu. Ndayesa kupotokola chiwongolero chake, chakana ngati chinauzidwa kuti ndine wakuba. Inu munagwira ntchitoyi ndi abambo zaka zitatu. Bwerani Lamulungu limodzi lokha, mudzere kumabulugamu, mundionetse. Mukafuna musalowe n'komwe m'nyumba.

Sindikupempha ndalama. Mawu amenewa ndawadulira mzere kunsi kuti musavutike kufunafuna zomwe sindinalembe.

Ndine mlongo wanu,
Dainess


Limbe.
12 Disembala

Wokondedwa mlongo wanga Dainess,

Ndathokoza chifukwa cha kalata yako, ngakhale inali ndi minga monga mwa masiku onse. Ife kuno tili bwino mwa chisomo cha Mulungu. Alamu ako a Maud akupereka moni. Za kudwala kwa abambo zandikhudza, ndipo tazipereka kale ku mapemphero a Lachitatu.

Usade nkhawa kwambiri. Tili ndi mnzathu kuno ku weyahausi amene bambo ake anagwanso chimodzimodzi, patatha miyezi inayi anayamba kupalasa njinga. Ndakutumizira mafuta otikitira mwendo, shuga ndi sopo. Za Khirisimasi ndiona kumapeto kwa mwezi. Ndikudziwa kuti munthu akalemba kuti sakupempha, ndiye kuti m'nyumba mwavuta.

Zobwerazo, Dainess, ukudziwa wekha mmene zilili. Dzina langa lili m'buku la pageti. Ndikapezeka pa esiteti andigwira ngati wolowerera, ndipo ntchito ya kuno ikhoza kutha. Ukudziwanso amene anachititsa. Tsiku la mlandu wa feteleza uja, bwana anangofunsa funso limodzi, ngati abambo angandiikire umboni. Anayang'ana pansi n'kunena kuti za mwana wamkulu sangalumbire. Feteleza sindinabe. Ngati lero akundifuna, anene okha. Ulembe mawu awo mmene awanenere, ine ndidzawazindikira.

Za vavu si zovuta. Thira girizi pa mazinga, usiye tsiku limodzi, kenako upotokolere kumanzere. Imafuna anthu awiri kapena atatu. Nthawi yotsegulira afunse abambo, amaidziwa kuposa buku. Mwendo ukafa mutu umakhala ulipo.

Uchepetseko kukulitsa nkhani. Damu limenelo linapirira Freddy, silingagonje ndi mvula ya Disembala.

Ndine mchimwene wako,
Filipo


Nyumba ya pa Damu.
12 Januwale

Achimwene,

Moni wa chaka chatsopano. Ndakhala mwezi osayankha chifukwa zomwe ndikanalemba tsiku lomwelo a Fackson sakananyamula, lole ikanapsa.

Mwati ndiwafunse abambo. Mwati ndilembe mawu awo. Nawa mawu awo: palibe. Abambo sanatulutse liwu limodzi chiyambire Seputembala. Pakamwa panapotoka, amangoti "aa, aa," malovu akutsika. Poyamba paja sindinalembe chifukwa ndinkafuna kuwasungira ulemu, komanso ndinkaganiza kuti munthu akamva kuti bambo ake agwa amakwera minibasi osafunsa kuti agwa motani. Kuchokera ku Limbe kudzafika kuno si ku Joni. Ndipo manda a amayi ali ku Khonjeni, kulibe geti kumeneko, kulibe buku la mayina. Chimene chinakugwirani tsiku limenelo mukuchidziwa nokha.

Shuga wanu ndapatsa a Fackson. Mafuta ndasunga chifukwa mwendo si wanga.

Loweruka kunali msonkhano wa komiti ya ngozi kusukulu ya pamtunda. Anabwera anthu a kuboma ndi mapepala akuluakulu. Anati nyumba iliyonse imange zikalata ndi mankhwala mu pulasitiki, isunge tochi, ndipo madzi akabwera tonse tithawire kusukuluko kudzera njira ya pakati pa minda ya tiyi, osati ya pamlatho. Anagawa mawezulo anayi. Kenako mayi wina wa Kudambo, a Cathy, amene ali ndi pakati potopa, anaimirira n'kufunsa za damu lili pamutu pathuli.

Anayankha ndi a Chawanangwa, manijala watsopano wa divishoni yathu, munthu wa kumpoto, waulemu wake. Ananyamula buku lija m'mwamba, buku lolemba ine, n'kunena kuti damu lili m'manja mwa a Josiah Nakoma amene alisunga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo manambala ali bwino tsiku ndi tsiku. Anati chenjezo loyamba lidzachokera kwa iwo. Anthu anawomba m'manja. A Cathy anakhala pansi n'kunena kuti ngati ndi a Nakoma ndiye tigona. Wezulo imodzi anandipatsa ine kuti ndikawapatse abambo. Ndinagwada polandira.

Ili pano pa tebulo. Mwini wake sangathe n'kuuzira phala lomwe.

Girizi ndinathira, vavu sinasunthe. Mwati imafuna anthu atatu. Wachiwiri ndi wachitatuyo ndiwauza kuti a Nakoma ali kuti? Chondilimbitsa mtima n'chimodzi: geji lero ili pa 4 yeniyeni, ndipo mzere wofiira uli pa 5. Pepala lomata pachikuto cha buku likuti vavu itsegulidwe madzi akafika pofiira. Ndiye kuti ndikadali ndi nthawi. Ndikufunsani funso limodzi, muyankhe lokhalo: kuchoka pa 4 kufika pa 5 kumatenga masiku angati mvula ikamagwa chonchi?

Abambo asanduka ovuta. Ndikabwera kudamu n'kuwauza nambala, amayamba kumenya bedi ndi dzanja lamoyolo, n'kumaloza pakhoma pomwe pamakolekedwa jekete lawo la ntchito. Ndikawaveka amalivula ndi mano. Ndikalikoleka amalozanso. Dzulo ndawaveka katatu, kachitatuko analira. Ine ndinawakalipira. Ndinawauza kuti ntchito inawathera, asiye kundizunza ndi jekete. Ndikulemba izi kuti mudziwe mtundu wa munthu amene mwamusiyira bambo anu.

Dainess


Limbe.
13 Januwale

Dainess,

Ndikulembera pa bonati ya lole, a Fackson akutsitsa katundu. Usasamale za zilembo.

Geji imeneyo ndi yabodza. Yakale inapita ndi Freddy. Amene anadzaika yatsopanoyo anaizika pamwamba pa mwala, osati pomwe panali inzake, ndiye manambala onse anakwera ndi mkono wathunthu. Ikamati 4 ndiye kuti madzi ali kale pofiira. Abambo anakanena kuofesi kawiri, bwana wakale uja anawauza kuti iwo si injiniya. Atabwerako ananditenga, tinakakhoma msomali wa sikisi inchi pa mkuyu uli kumanzere kwa khoma, mbali yoyang'ana kumadzi. Nyundo inali m'manja mwanga. Msomali umenewo ndiye mzere wofiira weniweni. M'buku ankalemba za geji chifukwa ofesi imafuna zimenezo, koma vavu ankatsegula poona msomali.

Sakuloza jekete, Dainess. Akuloza chomwe jekete lakolekedwapo.

Ukangowerenga izi pita ku mkuyu. Ngati msomali wamira, chita chachiwiri ichi. Tsikira kuseri kwa khoma, pansi penipeni pa nthochi zija, pali pomwe madzi amadontha nthawi zonse. Tunga m'botolo loyera uyang'ane padzuwa. Akakhala oyera ngati a pampopi, khoma lili bwino, pezani anthu mutsegule vavu. Akakhala ofiirira, ndiye kuti akudya dothi la m'kati mwa khoma. Pamenepo usaganize za nyumba, usaganize za ntchito. Abambo ankati ukaona zimenezo chotsa anthu kaye, bwana umuuze pambuyo.

Sindinkadziwa kuti sakuyankhula. Ndikanadziwa ndikanalemba za msomali tsiku loyamba. Za maliro a amayi ndilibe chonena, ndinachita manyazi kuonana ndi abambo, ndipo manyaziwo anakula tsiku ndi tsiku mpaka ndinalephera kuwanyamula. Zimenezo udzanditukwane bwino nthawi ina. Pano pita ku mkuyu.

Undiyankhe Lachisanu.

Filipo


Nyumba ya pa Damu.
19 Januwale

Achimwene,

Kalata yanu ya Lachiwiri lapitalo ndinalandira. Sindinaitsegule. Ili pansi pa chitini cha mchere. Ndinaona kuti ndi yonenepa, ndipo funso langa linali lofuna nambala imodzi yokha. Munthu akafunsidwa nambala n'kuyankha masamba awiri ndiye kuti akudziyeretsa, ndipo ine sopo wanu ndinalandira kale. A Fackson akuti munawauza kuti andikakamize ndiwerenge. Ndawayankha kuti amene akufuna kundikakamiza abwere yekha.

Ndikulemba chifukwa ndilibe wina womuuza, ndipo pepala silinditsutsa.

Mvula yagwa masiku asanu osapuma. Tiyi akuphuka ngati wamisala, anthu akutchola atavala mapulasitiki, sikelo ikumatha mochedwa. Geji ili pa 4 ndi theka. Ndimaima pamenepo m'mawa n'kumaipempha ngati munthu. Ndatsimikiza mumtima kuti ikangotsala zala zitatu kufika pofiira ndikadzipereka kuofesi, zivute zitani. Mpaka pamenepo ndikugwira nyumbayi ndi mano.

Kuseri kwa khoma, pa nthochi paja, payamba matope. Kale pankangodontha, pano pakutuluka kamtsinje kofiira ngati tiyi wamkaka. Ndikuganiza kuti ndi madzi a mvula otsetsereka kuchokera kumsewu. Ndaikapo miyala.

A Cathy ndinakumana nawo kuchigayo. Mwana akuyembekezeka sabata ziwiri zikubwerazi. Ati thumba la pulasitiki lija anamanga kale, muli kabuku ka kusikelo ya amayi oyembekezera, nsalu ziwiri ndi lezala, koma amuna awo a Lackson akuwaseka kuti akukonzekera ulendo wopanda basi. Anandipatsa mapeyala atatu kuti ndikawapatse a Nakoma, ati ndiwo akuwagoneka tulo. Ndinalandira. Ndinathokoza. Dzanja limeneli tsiku lina lidzauma.

Abambo asiya kudya. Jekete ndalibisa m'sutikesi kuti asamalione, koma akulozabe pakhoma popanda kanthu. Kapena mutu wayamba kusokonekera. Dzulo anadzigwetsa pabedi n'kuyamba kukwawa ndi chigongono kulunjika kuchitseko. Ndinawapeza pakhomo, chibwano chili m'matope. Kuwabweza pabedi kunanditengera ola. Ndi olemera, achimwene. Munthu wosadya sindikudziwa kulemera akukutenga kuti.

Ngati muli ndi nambala ija, ilembeni kunja kwa envulopu.

Dainess


Limbe.
20 Januwale

DAINESS. Iyi ilibe envulopu, ndipo ndawauza a Fackson kuti akuwerengere mokweza ukakana. Awerenga kale, akudziwa zonse. Za ukwati zija zatha.

GEJI NDI YABODZA. MADZI ANADUTSA KALE POFIIRA. MADZI OFIIRA A PA NTHOCHI NDI KHOMA LIKUSUNGUNUKA. Abambo akuloza MSOMALI. Tsegula kalata ili pansi pa mchere.

Lamulungu ndinabwera. Njira ya kumabulugamu yaduka, mtsinje wadzaza, ndiye ndinapita pageti. Alonda anandizindikira. Ndinawauza kuti damu lili pangozi, anaseka, ati wakuba feteleza wasanduka injiniya. Ndikanawauza chifukwa chake ndikanaulula za abambo, ndipo ndinaopa kukulanditsa nyumba popanda iwe kudziwa. Ndinabwerera. Ndinalakwa kubwerera.

Lero sindiopanso. A Fackson akafika kumeneko cha m'ma 3. Ikakwana 5 iwe usanapite kwa manijala, apita ndi iwo, ndipo ine ndiimba kuofesi. Udane nane mpaka imfa, palibe kanthu. Koma ndikufuna upite ndiwe, ndi miyendo yako, chifukwa ukapanda kutero sudzagonanso moyo wako wonse.

Chotsa anthu kaye.

Filipo


Kusukulu ya pamtunda,
Thyolo.
2 Febuluwale

Achimwene a Filipo,

Moni. Tili moyo. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa ndamva kuti mwakhala mukuimba kuofesi tsiku lililonse mpaka kalaliki wayamba kukuthawani. Msewu wa lole unaduka pa kalavati, a Fackson ayamba kuyenda mawa, n'chifukwa chake kalatayi yachedwa. Ulendo uno si mwano wanga.

Ndikuuzani mwa ndondomeko, kamodzi kokha, musadzandifunsenso.

A Fackson anafika ndi pepala lanu atalinyamula pamwamba ngati samani. Ndinawerenga nditaima pakhonde. Ndinachotsa chitini cha mchere, ndinawerenga inayo. Kenako ndinayang'ana pakhoma pomwe abambo akhala akuloza milungu yonseyi. Msomali. Msomali wakuda, wopindika, womwe ndakhala ndikuuona chibadwire. Ndinagwada pafupi ndi bedi n'kuwafunsa kuti, "Wa pa mkuyu?" Anatseka maso. Dzanja lija linasiya kumenya bedi, linangogwa.

Ku mkuyu msomali sunkaoneka. Ndinalowa m'madzi, ndinapapasa thunthu kutsika nalo, ndinaupeza mkono utamira kupitirira chigongono. Pa nthochi ndinatunga m'botolo. Sindinafunike dzuwa. Pansi pa botolo panakhala dothi lokwana supuni ndisanafike n'komwe pamsewu.

Munati anthu kaye. Ndinatenga wezulo ya abambo n'kutsikira Kudambo ndikuimba. Anthu anali akungobwera kusikelo, atanyowa, ena akusonkha moto. Anatuluka n'kumandiyang'ana. A Lackson anafunsa kuti a Nakoma ali kuti, chifukwa pamsonkhano anagwirizana kuti chenjezo lidzachokera kwa iwo, osati kwa kamtsikana kothamanga ndi botolo. Ena anaseka. Wina anati mwina ukwati uja wandizungulitsa mutu. Palibe ananyamula ngakhale mphika. Ndinaona kuti bodza langa lomwe laima pakati pa njira, ndipo palibe adutse ndisanalichotse.

Ndinakwera pa chitsa n'kunena kuti: "A Nakoma anafa ziwalo mu Seputembala. Sayenda, sayankhula. Buku lomwe munaliwombera m'manja ndimalemba ndine, ndipo manambala ake ndi olakwika. Ndakunamizani miyezi inayi. Munditukwanire kusukulu."

A Cathy ndiwo anayamba. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi thumba lawo la pulasitiki pamutu, anandidutsa osandiyang'ana. Atafika patsogolo pang'ono anatembenuka n'kunena kuti mapeyala aja ndikanawabweza. Kenako anayamba kukwera njira ya pakati pa tiyi, dzanja lili m'chiuno. Akazi anawatsatira. Amuna anatsatira akazi.

A Chawanangwa ndinawapeza kufakitale. Ndinaika botolo pa tebulo lawo pamodzi ndi buku ndi makalata anu awiri. Anawerenga ataimirira. Sanakalipe, ndipo zikanandipepukira akanakalipa. Anangofunsa kuti madzi ofiirawo ndinayamba kuwaona liti. Ndinati masiku asanu apitawo. Kenako anatumiza mathirakitala awiri kukatenga okalamba ndi katundu, ndi amuna asanu ndi mmodzi kukatsegula vavu. Inatseguka ndi chitsulo chachitali, ikulira ngati nkhumba. Dzuwa lisanalowe Kudambo kunalibe munthu. Abambo anawanyamula pa chitseko.

Lachitatu khoma linaima. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti ndawagoneka pa simenti pachabe, ena ankafuna kubwerera kukaona nkhuku. Komiti inaika anthu panjira kuti asadutse. Lachinayi masana, dzuwa likuwala bwinobwino, tinamva ngati mathirakitala khumi akubwera pamodzi. Tinathamangira kumpanda wa sukulu. Khoma linang'ambika pa nthochi paja. Akuti vavu ikanapanda kutsitsa madzi masiku awiri amenewo likanapita lonse. Ngakhale choncho nyumba khumi ndi zinayi zapita, ya a Cathy ili m'gulu lomwelo. Mlatho womwe anatiletsa kudzera uja kulibe. Munthu sanafe ngakhale mmodzi. Ndawerenga mayina pa pepala la komiti kasanu, ndipo ndikuwerengabe.

A Cathy anachira Loweruka, mwana wamkazi, m'kalasi ya Sitandade 2, nesi wa kukiliniki alipo. Sanandiyankhulebe. Akulondola. Ine ndikanakhala iwo ndikanatenga zaka.

Anabwera mainjiniya, anayeza geji, anapeza zomwe munanena. Ndinawatengera ku mkuyu. Mmodzi anajambula msomali uja ndi foni n'kufunsa kuti anaukhoma ndani. Ndinati a Josiah Nakoma ndi mwana wawo Filipo, amene dzina lake lili m'buku la pageti. A Chawanangwa anamva. Zomwe achite nazo sindikudziwa, ndipo musayambe kuvina.

Tsopano za ife. Kalata ya kampani inabwera Lachisanu. Abambo awapumitsa pa chifukwa cha matenda. Ine sanditengera kupolisi, ati zikomo yanga ndi imeneyo. Nyumba tichokemo pofika pa 28. Ndinakaiona dzulo. Ili bwinobwino, achimwene. Madzi sanaikhudze, ngakhale dontho. Nkhuku zaikira pakhonde. Nyumba yomwe ndinanamizira anthu miyezi inayi yaima pamtunda youma ngati ikundiseka, ndipo khumi ndi zinayi za anthu osalakwa zili mumtsinje wa Ruo.

Ndawerengera masiku. Kalata yanu inakhala pansi pa mchere sabata yathunthu. Vavu ikanatseguka tsiku lomwe inafika, mwina khoma likanakhalapo. Palibe wandiuza zimenezi, ndipo inunso musayese kundiuza kuti si choncho. Inu munachedwa zaka ziwiri, ine sabata imodzi, koma yangayo ndi yomwe ili ndi nyumba khumi ndi zinayi. Nkhani ya amayi sindinakukhululukireni. Ndangozindikira kuti mpando womwe ndinkakuweruzirani uja wathyoka miyendo.

A Fackson akuti munawauza kuti inu ndi alamu mwakonza chipinda. Ndamva. Sindikana, ndilibe pokanira. Koma musatumize galimoto, musatumize munthu, musalembe kalata. A Chawanangwa avomera kuti Loweruka likubwerali mulowe pageti, ndawapempha ndine, ndipo kupempha kumeneko kunandiwawa kuposa kukwera pa chitsa paja.

Abambo ayambanso kudya. Dzulo ndinawawerengera kalata yanu yonenepa ija, yonse, mpaka pa manyazi paja. Nditafika pomwe munati nyundo inali m'manja mwanu, anagwira pepala n'kulikokera pachifuwa. Akana kulibweza. Mawu awo munkafuna aja ndi amenewo, muwazindikire nokha.

Mubwere m'mawa. Kuchokera kusukulu kuno kukafika pamsewu ndi chitunda, thirakitala sifika, ndipo chitseko chija eni ake achitenga. Ine ndawanyamula miyezi isanu. Loweruka muwabereke ndinu.

Ndine mlongo wanu,
Dainess